Nyerere ya Miyendo Isanu ndi Itatu

Mvula ya Juni itatseka misewu ya Thrissur,
makasitomala anakhala kwawo ndi mawotchi awo akufa.
Ine ndinakokera tebulo pazenera la kukhitchini
kuti ndione bwino kamtima ka wotchi ya a Kuriakose,
yochedwa ndi mphindi zinayi tsiku lililonse
ngati mwini wake.

Apo ndi pomwe kanatulukira,
kofiirira, kowonda m'chiuno, ka phuma,
kuchoka panthambi ya mango imene imagogoda pagalasi.
Nyerere, ndinatero, ndikukweza chala.

Koma nyerere siima n'kukupenya.
Nyerere ili ndi ntchito, ili ndi mzere, ili ndi abale.
Aka kanali kokhakokha
ndipo kanacheuka
monga munthu amene wamva dzina lake pamsika.

Ndinaika kudiso kagalasi kanga,
kamene kandidyetsa zaka makumi anayi.
Miyendo pansi: isanu ndi umodzi. Chabwino.
Nanga tinyanga tiwiri togwedezeka m'mwambati?
Tili ndi maondo!
Ndinawerenganso, mokweza, ngati mwana wa sukulu.
Isanu ndi itatu.
Madontho akuda m'mbali mwa mutu ndi utoto chabe;
maso enieni ali kutsogolo, awiri, aakulu,
nyali za basi yomaliza yopita ku Guruvayur.
Chinyengo chaukhondo chonchi sindinachionepo
ngakhale pa mawotchi a kudoko
obatizidwa mayina a ku Switzerland.

Nditasendeza sikuludiraiva, kanajowa,
kudumpha chivindikiro cha wotchi ndi kapu ya tiyi,
kaulusi kakutsatira m'mbuyo.
Kangaude.

Madzulo Sreelatha wa chipinda cham'mwamba,
mphunzitsi wa sayansi kusukulu ya atsikana,
anatsika ndi chibuku chotupa ndi chinyezi, foni kudzanja lina.
Mlendoyo tinamuika m'botolo la timisomali.
Buku linati ndi uyu.
Foni inati ayi, ndi uyo.
Pa zithunzi zonse panali zibwano zazitali ngati zopanira;
kathu kanalibe.
“Mwina n'kakakazi,” anatero. “Mwina sikanakhwime.
Alipo ambiri ovala chonchi, amalume,
ena sanalembedwe n'komwe.”
Anayesa kutchula dzina lachilatini, lilime linapunthwa,
tinaseka, mvula ikusefukira m'ngalande.

“Kuti tidziwe zenizeni,
tikamize mu sipiriti, tikatumize kuyunivesite,
akakatsegule pansi pa makina awo.”

Ndinamumvetsa.
Inenso wotchi sindiidziwa ndisanaitsegule kumsana.
Koma ine ndikatsegula ndimatsekanso,
n'kuiika kukhutu,
n'kumva ikuyenda.

Usiku magetsi anazima.
Ndi tochi ndinakapeza katadzisokera kathumba koyera
pansi pa chivindikiro cha botolo,
miyendo yonse itapindidwa, palibe wonamizira nyanga.
Kodi ukagona wekha, bodza umalivula?
Ndinakumbuka zaka zanga za ku Sharjah,
ndevu zometedwa, Chingerezi chobwereka,
ndikuyenda ngati eni sitolo
kuti asandione kuti ndine nyama yofewa.

Kutacha mvula inapuma pang'ono.
Akhwangwala anayamba milandu yawo pa mitengo ya kokonati.
Ndinatsegula botolo panthambi ija.
Nyerere zenizeni zinali pamzere, zoluma, zosacheuka.
Kanakweza manja ake awiri, kanagwedeza,
kanayenda m'mbali mwawo,
pafupi kuti mbalame isokonezeke,
patali kuti eni mzere asakanunkhize.
Nditaphethira, sindinathenso kukasiyanitsa.

M'kaundula wa ntchito, pansi pa dzina la a Kuriakose,
ndinalemba ndi pensulo:
Lachiwiri. Kabwera kokha, mwini sakudziwika.
Mtundu sunapezeke.
Chowonongeka palibe.
Kabwezedwa kakuyenda.

Sreelatha akuti ndataya mwayi,
mwina dzina langa likanalowa m'buku.
Wotchi ya a Kuriakose ikuchedwabe ndi mphindi zinayi.
Abwera Loweruka,
ndipo ndakhala m'mawa wonse kagalasi kali kudiso,
nditayang'ana kunja.